Akuti Mwana Sadya Cidole: Ndani Anati Adye?

Acinyamata anzanga, pali mau amene afala m'misonkhano yathu kuno ku Chadiza, ndipo ndifuna kuwayankha poyera pa tsamba lino kuti a mipingo ina amve nao. Mauwo ndi akuti, "Mwana sadya cidole." Amatuluka nthawi zonse wina akangochula za ulendo wa njinga zamoto umene magulu athu akukonza Khrisimasi isanafike. Ganizo lake ndi lakuti okwera mahonda asonkhane pa boma, aliyense atamangirira coseweretsa pa njinga yake, ayende pamodzi pang'onopang'ono mpaka kukafika kumene kuli ana, ku cipatala ndi m'midzi, nakasiya zoseweretsazo. Ine dzina ndinalembetsa kale, ndipo ndidzakwera. Amene akuti ici ncibwana, akuti nkutaya mafuta, akuti nkutengera azungu, alakwa pa zonse zitatu, ngakhale ena mwa iwo ndi akulu athu amene ndimawalemekeza kwambiri.

Tiyambe ndi za kudya. Munthu wa kuno safunika kuuzidwa kuti njala nciani. Cilala ca 2024 tinaciona ndi maso athu, cimanga cikupserera m'minda, ndipo pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Cotero wonena kuti nsima ndiyo yoyamba sananame. Koma ndifunse. M'misonkhano yonse imene mau awa ananenedwa, ndani anaimirira nati, "Tileke za zidole, ine ndabweretsa thumba la cimanga"? Ine sindinamuone. Mau akuti mwana sadya cidole sanadyetsepo mwana ndi mmodzi yemwe. Nchito yao ndi kutseka nkhani msanga kuti tibwerere ku zokambirana za yunifomu ya kwaya, imenenso, ngati ndikumbukira bwino, palibe mwana amene amaidya.

Ndipo a zacipatala, amene amadziwa njala kuposa ife tonse, sagwirizana nao mau amenewa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linaika njira khumi zocizira mwana wodwala kwambiri cifukwa cosowa zakudya m'thupi, uja wotupa miyendo ndi wofiira tsitsi. Pali kumfunditsa kuti asazizidwe, kumpatsa mankhwala, kumdyetsa pang'onopang'ono. Pakati pa khumizo palinso kusewera naye, kumlankhulitsa ndi kumpatsa zoseweretsa zosavuta zopangidwa pa nyumba. Madokotala anaona kuti mwana wa njala amangogona duu, safuna kuona munthu, safuna kugwira kanthu, ndipo ubongo wake umatsalira pamodzi ndi thupi. Phala limadzutsa thupi, koma ubongowo umafuna wina woudzutsa.

Pali umboni wina umene ndifuna aliyense wopita ku msonkhano wotsatira aunyamule m'mutu. Mu 1986 ndi 1987, mu mzinda wa Kingston ku Jamaica, ofufuza motsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor anatenga ana 129 opinimbira a m'mabanja osauka, a miyezi 9 mpaka 24. Ena ankapatsidwa mkaka sabata ndi sabata. Ena ankayenderedwa ora limodzi pa sabata kwa zaka ziwiri ndi wazaumoyo wa m'dera lao, amene ankaphunzitsa mai kusewera ndi mwana wake pogwiritsa nchito zoseweretsa zopangidwa ndi manja. Ena analandira zonse ziwiri, ndipo ena sanalandire ciliconse mwa ziwirizi. Ana aja anatsatiridwa mpaka anakula. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti patapita zaka 20, aja amene ankaseweretsedwa ankapeza ndalama zoposa anzao ndi 25 pa 100. Phindu la mkaka linaoneka poyamba, koma silinakhalitse mpaka ukulu monga phindu la masewera. Imvani bwino, sindikuti mkaka ngwacabe. Ndikuti amene amayesa masewera ngati cinthu cotsalira, cocita anthu okhuta, akutsutsana ndi zimene zinayezedwa kwa zaka 20.

Komatu izi makolo athu anazidziwa kale Jamaica asanafufuze. Ndani wa ife anaphunzira kuwerengera m'kalasi mokha? Tinayambira pa nsolo, kuwerenga miyala ndi maenje mwakacetecete kuti mnzako asadziwe pamene udzamdyera. Atsikana anaphunzira kugwirizanitsa diso ndi dzanja pa ciyato. Ku masanje tinaphunzira kukoleza moto, kugawa ndiwo zocepa kwa anthu ambiri, ndi kuweruza milandu. Mnyamata wopanga motoka ya waya amayeza kuti mawilo anai alingane, amapeza njira yoti ciwongolero cikhotetse mawilo akutsogolo, ndipo akalakwitsa amamasula nayambanso. Amakanika ambiri amene atikonzera njinga pa boma anayambira pomwepo. M'mera mpoyamba. Tsono zimandidabwitsa kuti anthu amene anakula akuumba ng'ombe zadothi ku dambo ndiwo lero akuti coseweretsa ncopanda pake.

Wina adzati, "Ndiye bwino, ana a kumudzi amadzipangira okha, asiyeni." Ena amadzipangira, inde. Nanga mwana amene wagona m'cipatala sabata yaciwiri, dothi alitenga kuti? Nanga wolumala amene satha kupita ku dambo, ndipo anzake akathamangira mpira wa cimpombwa iye amatsala pa khonde? Nanga mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu amene tsiku lonse ali ndi mng'ono wake kumsana, mtsuko pamutu? Nanga mnyamata woweta ng'ombe za eni, wodikira zaka zitatu kapena zinai kuti adzalandire thole limodzi? Maphunziro aulere anayamba mu January 2022, koma tonse tidziwa kuti ena mwa anyamata amenewa akali ku chire ndi ng'ombe. Ana otere ubwana wao ukudyedwa ndi nchito ndi matenda ife tikuona. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Zambia inavomereza mu 1991, m'gawo 31 limaika kupuma ndi kusewera pakati pa maufulu a mwana. Ndipo kuyambira 2024, tsiku la 11 June linapatulidwa kukhala tsiku la masewera a ana pa dziko lonse. Maiko anasaina, koma pepala silingafike pa khonde la mwana uja ngati palibe munthu wopita kumeneko.

Tsopano za kutengera azungu. Nzoona kuti mwambo uwu sunayambire kuno, ndipo palibe cifukwa cobisira. Ku South Africa ulendo wochedwa Toy Run unayamba mu 1982 ku Cape Town ndi Johannesburg, woyambitsidwa ndi kagulu ka eni njinga zamoto za ku Italy, Italian Motorcycle Owners Club. Unakula mpaka njinga zikwizikwi zinayamba kudzaza miseu kumapeto kwa November, iliyonse ndi cidole comangirira kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo zidolezo nkupita kwa ana a m'zipatala ndi m'nyumba za ana amasiye. Abale athu amene anakhalako ku Joni ena anaziona. Ku America nchito yosonkhanitsa zidole yochedwa Toys for Tots inayamba mu 1947 ku Los Angeles, ndipo ciyambi cake cinali cidole cimodzi cimene Diane Hendricks anapanga ndi manja ake. Mwamuna wake, Bill Hendricks, atasowa bungwe loti akaperekeko cidoleco, anayambitsa lake, ndipo caka coyamba anasonkhanitsa zidole 5,000. Cidole ca manja, abale, conga cimene amai a Cigwirizano angasoke ndi zidutswa za citenje.

Koma ngati cinthu ciliconse cocokera kunja ncoletsedwa, tiyambe tataya kiyibodi ya kwaya, mpira wa miyendo ndi mataye amene akulu athu amavala pa Sabata. Funso loyenera ndi lakuti cinthuco citithandiza kapena ai. Ndipo njinga yamoto lero ndi yathu kuposa ya mzungu aliyense. Ndiyo imanyamula feteleza, mbuzi ndi matumba a nshawa. Ndiyo imafikitsa mai woyembekezera ku kiliniki usiku pamene motoka palibe. Ndiyo imakafika ku malire a Chanida ndi kubwerako dzuwa lisanapendeke. Ndiponso cifundo ca okwera njinga zamoto cinafika kale m'boma lino ife tisanayambe kukangana. Bungwe la Riders for Health, loyambitsidwa ndi Andrea ndi Barry Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, linkasonkhanitsa ndalama kwa anthu okonda mipikisanoyo, ndipo mu 2009 linayamba nchito kuno ku Chadiza yonyamula magazi ndi makhololo a odwala pa njinga kucokera ku makiliniki a kumidzi kupita kokapimidwa. Sindinamve munthu akukana zotsatira za magazi ake cifukwa ganizolo linacokera ku Britain.

Pali cinthu cina cimene otsutsa sacichula, koma ndiganiza kuti ndico cili pansi pa zonse. Sawafuna anyamata a mahonda. M'maso mwa ambiri a ife, mnyamata wonyamula anthu pa njinga ndi cidakwa, wamwano, wothamanga ngati wopenga. Ena ali otero, sitingabise. Koma ndi ana a mumpingo mwathu momwemo: tinali nao ku Sande Sukulu, ena tinalowa nao kalasi, ndipo anasiya kubwera pamene nchito ya njinga inawatenga. Tikafuna kupita ku maliro kapena ku msonkhano wa kutali timawaitana pa foni, timakangana nao za mtengo, tikatsika osafunsa ngakhale za kunyumba kwao. Ndi liti pamene tinawaitana kuti acite nafe nchito yabwino monga anzathu? Ulendo uwu ndi woyamba umene mnyamata wa honda adzakhala patsogolo, ife a mataye kumbuyo kwake titagwira cidole. Ngati ici ndico cikuwawa, tinene poyera, tileke kubisala kumbuyo kwa nsima.

Za mafuta ndizifupikitsa, pakuti masamu ake ngosavuta. Njinga zing'onozing'ono zimene zili kuno zimayenda makilomita oposa 30 pa lita imodzi. Ulendo wa makilomita 15 kupita ndi 15 kubwera sudya kuposa lita. Wokwera kumbuyo agule lita imeneyo, nkhani yatha. "Bwanji osangotuma munthu mmodzi ndi katoni?" Cifukwa katoni yoyenda yokha palibe amaiona, ndipo sidzadzala. Njinga makumi awiri zoyenda pamodzi zimatulutsa anthu m'masitolo, wogulitsa amaponya mpira umodzi, mai wina amakumbukira zidutswa za nsalu zimene zili m'sutikesi. Phokoso ndilo limasonkhanitsa. Amene anayamba mu 1982 anacidziwa cimeneci, ndipo ifenso timacidziwa, cifukwa pa cikondwerero ciliconse ca mpingo timayenda mu mseu ndi nyimbo m'malo molowa mwakacetecete.

Tsono ndatha nao otsutsa, ndipo nditembenukira kwa inu a mbali yanga, pakuti ena mwa inu mukundiopsa kuposa iwo.

Ndamva kale ena akukambirana za masikipa olembedwa ndi za amene adzajambula. Za ana sindinamve. Ngati colinga ndi cakuti tikaimike mwana wodwala, timgwiritse cidole, timjambule, madzulo cithunzi cili pa Facebook ndi WhatsApp ndi maina athu pansi, ndiye akulu aja anena zoona ndipo ine nditsika pa njinga. Mwana wa m'cipatala sangakane kujambulidwa, mai wake adzacita manyazi kukana alendo obweretsa mphatso, ndipo kugwiritsa nchito manyazi amenewo ndi kuba. Jambulani njinga, jambulani mulu wa zoseweretsa, jambulanani nokhanokha mmene mungafunire. Nkhope ya mwana wodwala isalowe m'foni ya munthu.

Cina ndi zoseweretsa zimene. Musatibweretsere zinyalala. Cidole ca pa salaula cothyoka mkono, motoka ya mabatire imene idzafa pa tsiku laciwiri m'mudzi mopanda sitolo, mfuti ya pulasitiki: izi zisiyeni kunyumba. Mabatire ang'onoang'ono ozungulira ngati batani ndi oopsa, mwana akameza amaocha kum'mero m'maora ocepa. Kanthu kalikonse kocepa kotha kulowa m'kamwa sikayenera kwa mwana wosafika zaka zitatu. Za ku cipatala zikhale zotheka kucapa kapena kupukuta, pakuti zidzadutsa m'manja ambiri. Ndipo ndinene za zidole za tsitsi lacikasu ndi maso obiriwira zija. Sindidana nazo, koma mtsikana wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume ayenera kubereka kumsana mwana wofanana naye. Amai a Cigwirizano akhoza kusoka zidole zakuda zovala citenje, ndipo anyamata opanga motoka za waya tiwagule nchito yao ndi ndalama, apinde bwino nsonga za waya kuti zisabaye. Ndalama imeneyo idzatsala m'boma lino m'malo mopita ku masitolo a ku Chipata. Onjezani mipira, zingwe zodumpha, makrayoni ndi mapepala. Mpira umodzi umaseweretsa ana makumi awiri, pamene cidole cimodzi cimakondweretsa mmodzi ndi kuliza asanu.

Kagawidwe ndiko kamene kamaononga nchito zambiri zabwino. Tikafika m'mudzi ndi zoseweretsa 40 napezeka ana 200, tidzasiya misozi ndi ndeu, ndipo amai adzatukwanana ife titapita. Walira mvula walira matope. Cotero palibe kuponya kanthu kucokera pa njinga monga amacitira andale pa kampeni. Sabata ziwiri ulendo usanacitike, awiri a ife apite kwa anyakwawa, kwa aphunzitsi akulu ndi kwa oyang'anira cipatala, akapemphe cilolezo ndi kufunsa kuti ana ofunika kwambiri ndi ati. Azaumoyo a m'midzi amadziwa nyumba imene muli mwana wolumala wosatuluka. Zambiri zikasiyidwe m'manja mwa sukulu ya mkaka, kalasi ya ana ang'ono kapena cipinda ca ana ku cipatala, kuti zikhale za onse. Ndipo kumbukirani za ku Jamaica: cimene cinasintha ana aja cinali munthu wobwera sabata ndi sabata kudzakhala pansi ndi mai ndi mwana. Ngati tidzaonekera tsiku limodzi ndi phokoso, nkusowa mpaka caka camawa, tidzakhala tacita theka. Gulu lililonse lisankhe malo amodzi, ndipo kamodzi pa mwezi anthu awiri kapena atatu azipitako kukasewera ndi ana ndi kukonza zothyoka. Kumeneko njinga wamba yopalasa ikwanira.

Cacikulu koposa ndi moyo wa okwera. Sitingapite kukakondweretsa ana a m'cipatala ndi kubwerako titawonjezera odwala. Lamulo la pamseu la 2002, lomwe linakhazikitsanso bungwe la RTSA, limafuna kuti woyendetsa akhale ndi layisensi ndipo iye ndi wokwera kumbuyo avale cisoti. Ofufuza anapeza kuti cisoti cimacepetsa ngozi ya imfa ndi 42 pa 100 ndi kuvulala mutu ndi 69 pa 100. Kuno timaciona cisoti citapacikidwa pa ciwongolero, kapena citavalidwa lamba wake ali lendelende, ndipo anthu anai pa njinga imodzi ndi nkhuku pamwamba. Pa ulendo wathu izi ai. Anthu awiri pa njinga, zisoti ziwiri zomanga, mabuleki oyesedwa m'mawa womwewo, liwiro la munthu wopalasa njinga, palibe kupitirirana, palibe kuimika wilo limodzi kuti atsikana aombe m'manja. Wonunkha kacasu kapena mowa uliwonse abwerere, ngakhale atabwera ndi cidole cacikulu kuposa onse. Mwana asakwezedwe "kuti alaweko". Apolisi adziwitsidwe ndi kalata masiku akalipo, ndipo tiwapemphe atitsogolere. Ndidziwa kuti malamulo awa adzacepetsa njinga, cifukwa ena alibe mapepala ndipo zisoti nzocepa. Tibwereke zisoti kwa alangizi a zaulimi ndi azaumoyo amene ali nazo. Wopanda layisensi asayendetse, koma asathamangitsidwe: akwere kumbuyo kwa mnzake, kapena atithandize kumanga katundu.

Tsiku likhale kumapeto kwa November, mvula isanakhazikike. Tikadikira sabata ya Khrisimasi, miseu ya kumidzi idzakhala matope, mitsinje yodzala, ndipo anthu onse ali m'munda kupalira.

Kwa inu abusa ndi akulu a mpingo, pempho lathu ndi laling'ono. Sitipempha ndalama ya m'thumba la mpingo, mafuta tidzasonkha tokha. Tipempha kalata yopita ku polisi ndi ku cipatala yokhala ndi cidindo canu, cilengezo ca pa Sabata kwa masabata atatu, ndi ngodya imodzi m'vesitile yoikamo katoni. Tipemphanso mkulu mmodzi adzakwere nafe. Ndipo amene akali kunena kuti ana afunika cimanga, abweretse cimangaco pa tsikulo m'ma 7 koloko m'mawa. Njinga zathu zimanyamula thumba la makilogalamu 50 tsiku ndi tsiku, ndipo zingwe zomangira tidzakhala nazo.